Mataipilaita a magetsi: mbiri yao ndi cifukwa cake ena akuwasonkhanitsa

M'mwezi wa November caka ca 2012, fakitale ya kampani ya Brother ku Wrexham, m'dziko la Wales, inapanga taipilaita yake yotsiriza. Makinawo sanagulitsidwe. Anaperekedwa ku Science Museum, nyumba yosungiramo zinthu za sayansi mu mzinda wa London, popeza ndiwo anali otsiriza kupangidwa m'dziko lonse la Britain. Kuyambira mu 1985, fakitaleyo inali itapanga mataipilaita okwana 5.9 miliyoni.

Makina amene zaka 40 zapitazo anali pa tebulo la mlembi aliyense mu ofesi, lero akupezeka m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'manja mwa anthu amene amawasonkhanitsa. Anthu otere ndi oculuka ku America ndi ku Ulaya, ndipo ambiri mwa iwo amakonda mataipilaita a manja. Pali gulu lina locepa limene limafunafuna a magetsi. Gulu limeneli lili pa liwiro ndi nthawi, cifukwa makina a magetsi, ngakhale kuti ndi atsopano poyerekeza ndi a manja, ndiwo akufa msanga ndiponso ndiwo akutayidwa kwambiri.

Mitundu itatu ya makina

Ndi bwino kuyamba ndi kusiyanitsa mitundu itatu ya mataipilaita, popeza anthu ambiri amaisokoneza.

Mtundu woyamba ndi wa manja. Mphamvu yonse imacokera m'zala za wotaipa. Akakanikiza batani, kamkono kacitsulo kokhala ndi cilembo kunsonga kamadumpha ndi kumenya riboni ya inki, ndipo cilembo cimatsala pa pepala. Akafika kumapeto kwa mzere belu limalira, ndipo wotaipa amakankha ndi dzanja kangolo konyamula pepala kuti kabwerere poyambira.

Mtundu waciwiri ndi wa magetsi. Mkati mwake muli mota imene imazungulira nthawi yonse makinawo akayatsidwa. Cala cimangokhudza batani, ndipo mota ndiyo imamenya cilembo. Zina zonse za mkati ndi zitsulo, masipuling'i ndi malamba. Makina otere sakumbukira ciliconse.

Mtundu wacitatu ndi umene umachedwa electronic. Mkati mwake muli tizipangizo ta chip, tofanana ndi ta m'kompyuta. Batani likakanikizidwa limatumiza uthenga ku chip, ndipo chip ndiyo imalamula cilembo coyenera kudindidwa. Makina otere amatha kukumbukira mzere umodzi kapena masamba angapo, ndipo ena ali ndi kagalasi koonetsa mau asanafike pa pepala.

Ciyambi ca makina a magetsi

Taipilaita yoyamba kugulitsidwa mwaunyinji inacokera ku nchito ya Christopher Latham Sholes ndi anzake mu mzinda wa Milwaukee ku America. Kampani ya Remington, imene inali yodziwika ndi kupanga mfuti, inayamba kuigulitsa mu 1874. Inali kulemba zilembo zazikulu zokhazokha. Mu 1878 kunabwera Remington No. 2, imene inali ndi batani losinthira pakati pa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Kayalidwe ka zilembo ka QWERTY, kamene tili nako pa makompyuta ndi pa mafoni lero, kanacokera pa makina amenewa.

Maganizo oika magetsi mu taipilaita sanacedwe kubwera. Kumayambiriro kwenikweni kwa zaka za m'ma 1900, George Blickensderfer wa ku Stamford, m'cigawo ca Connecticut, anapanga taipilaita ya magetsi imene zilembo zake zonse zinali pa kagudumu kamodzi. Malonda ake sanayende. Pa nthawiyo maofesi ambiri analibe magetsi, ndipo kumene anali, mphamvu yake inali yosiyana mzinda ndi mzinda. Makina a Blickensderfer a magetsi amene atsala lero ndi owerengeka kwambiri, ndipo osonkhanitsa amawaona ngati cuma camtengo wapatali.

Mu 1914 James Smathers wa ku Kansas City anapanga makina oyendera mota amene anathadi kugwira nchito ya mu ofesi. Nzeru yake inali yapafupi. Pansi pa mabatani pali mpukutu wokutidwa ndi mphira umene umazungulira mosalekeza. Batani likakhudzidwa, kacitsulo kakang'ono kamagunda mpukutuwo, ndipo mpukutu umaponya kamkono ka cilembo pa pepala. Ku Germany nako, makina ochedwa Mercedes Elektra anatuluka mu 1921. Nzeru ya Smathers inapitirizidwa ndi kampani ya Northeast Electric ya ku Rochester, kenaka ndi kampani ya Electromatic, imene IBM inagula mu 1933. Mu 1935 IBM inatulutsa taipilaita yake yoyamba ya magetsi.

Phindu la mota linaoneka msanga. Wotaipa sanali kutopa zala monga kale. Cilembo ciliconse cinali kumenyedwa ndi mphamvu yofanana, motero tsamba linali kutuluka loyera ndi looneka bwino, ngakhale cala caching'ono cikhale cofooka. Makope a pepala la kaboni anali kutuluka ambiri nthawi imodzi, ndipo masitensulo opukusira mapepala a mayeso ndi zidziwitso anali kudulidwa bwino. M'zaka za m'ma 1940 IBM inabweretsa mtundu wa Executive, umene unali kupatsa cilembo ciliconse malo olingana ndi kukula kwake, kotero kuti m anali kutenga malo aakulu kuposa i, monga zimakhalira m'buku losindikizidwa. Mu 1957 kampani ya Smith-Corona inatulutsa taipilaita ya magetsi yonyamulika m'manja, imene inalowa m'nyumba za anthu wamba ndi za ana a sukulu ku America.

Kampira kamene kanasintha maofesi

Pa 31 July 1961 IBM inatulutsa makina ochedwa Selectric. Awa ndiwo makina a magetsi odziwika kuposa onse, ndipo osonkhanitsa ambiri amayambira pa iwo.

Mu Selectric munalibe timikono ta zilembo. Zilembo zonse 88 zinali pa kampira kamodzi, kukula kwake ngati mpira wa gofu, zoyalidwa m'mizere inai ya zilembo 22. Batani likakhudzidwa, kampirako kamapendeka kufikira mzere woyenera, kamazungulira kufikira cilembo coyenera, ndipo kamamenya pepala. Zonsezi zimacitika mwamsanga kotero kuti diso silingatsatire: makinawo amatha kulemba zilembo pafupifupi 15 pa sekondi imodzi. Pepala siliyenda uku ndi uku monga pa makina akale. Kampira ndiko kamayenda kucokera kumanzere kupita kumanja. Vuto la timikono tokolana wotaipa akafulumira linatheratu.

Cocititsa cidwi n'cakuti mu Selectric mulibe chip. Batani lililonse limakoka timipiringidzo tingapo tacitsulo mwa dongosolo lakelake, ndipo kuphatikizana kwa timipiringidzoto ndiko kumauza kampira mmene kapendekere ndi mmene kazungulire. Ndi masamu ofanana ndi a kompyuta, koma ocitidwa ndi zitsulo. Makina amodzi ali ndi tizigawo pafupifupi 2,800. Maonekedwe ake akunja anakonzedwa ndi katswiri wojambula zinthu, Eliot Noyes.

Popeza kampirako kamacotsedwa ndi dzanja m'kanthawi kocepa, mlembi anali kutha kusintha mtundu wa zilembo pakati pa tsamba, kapena kuika kampira ka cinenero cina. Ici cinali cinthu cacikulu kwa olemba zinenero zokhala ndi zilembo zimene mulibe m'Cingelezi. Aliyense amene anataipapo Cinyanja pa makina a Cingelezi akudziwa kuti cilembo ca ŵ panalibe, ndipo kacizindikiro ka pamwamba kanali kuikidwa ndi bolopeni tsamba litatuluka. Otaipa Cilozi anali ndi vuto lomwelo pa cilembo ca ñ.

Selectric II inatuluka mu 1971, ndipo Selectric III, yokhala ndi zilembo 96, inatuluka mu 1980. Pofika mu 1986 IBM inali itagulitsa makina a Selectric oposa 13 miliyoni. Makinawa ndiwonso anakhala mlatho wopita ku kompyuta. Mu 1964 IBM inalumikiza Selectric ku makina osunga mau pa tepi ya maginito, kotero kuti kalata yotaipidwa kamodzi inali kukonzedwa ndi kutulutsidwanso popanda kuitaipa yonse kaciwiri. Mu 1965 kunabwera IBM 2741, imene inali Selectric yolumikizidwa ku kompyuta yaikulu: munthu anali kutaipa funso, ndipo kompyuta inali kuyankha pa pepala lomwelo.

Nkhondo yolimbana ndi zolakwa

Makina a magetsi anabweretsanso vuto lao. Mabatani ake anali opepuka, motero cala cikangotsetsereka pang'ono, cilembo colakwika cinali citadindidwa kale. Riboni yatsopano ya kaboni inali kupaka pepala ukaifufuta ndi rabala. Mlembi wina wa pa banki mu mzinda wa Dallas, mai Bette Nesmith Graham, anaona mmene opaka utoto amabisira zolakwa mwa kupakapo utoto wina. Anayamba kusakaniza utoto woyera kunyumba kwake ndi kumapaka pa zilembo zolakwika, ndipo mu 1956 anayamba kuugulitsa. Mankhwalawo pambuyo pake anachedwa Liquid Paper, ndipo mu 1979 kampani ya Gillette inagula bizinesi yakeyo ndi madola 47.5 miliyoni. Kuno kwathu dzina lodziwika kwambiri la zofufutira zotere ndi Tipp-Ex, limene linayambira ku Germany.

Mu 1973 IBM inaika cofufutira mkati mwa makina enieniwo. Correcting Selectric II inali ndi katepi komata pambali pa riboni. Mlembi akakanikiza batani lofufutira, kampira kanali kubwerera m'mbuyo, ndipo cilembo colakwikaco cikamenyedwanso kudzera pa katepi, inki inali kunyamuka pa pepala osasiya cipsera.

Nyengo yaifupi ya makina a electronic

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kampani ya Diablo ku California inayamba kugulitsa makina osindikizira ogwiritsa nchito kagudumu kochedwa daisy wheel. Kagudumuko kamaoneka ngati duwa la masamba ambiri opyapyala, ndipo kunsonga kwa tsamba lililonse kuli cilembo. Kamazungulira kufikira cilembo cofunika, ndipo kanyundo kamacimenya. Kuphatikiza kagudumu aka ndi chip kunabala taipilaita ya electronic. Kampani ya Olivetti ya ku Ivrea, m'dziko la Italy, inatulutsa ET 101 mu 1978, imodzi mwa zoyambirira za mtundu umenewu.

Makina amenewa anali ndi tizigawo toyenda towerengeka poyerekeza ndi Selectric, motero anali ochipa kupanga ndiponso opepuka. Makampani a ku Japan monga Brother, Canon, Sharp ndi Panasonic anadzaza nao msika. Ena anali aang'ono oyendera mabatire, olemba ndi kutentha pa pepala lofanana ndi la makina a fax. IBM yomwe inatulutsa mtundu wake, Wheelwriter, mu 1984.

Nyengo yao siinatalike. Kompyuta ya pa tebulo ya IBM inali itatuluka kale mu 1981, ndipo mitengo ya makompyuta ndi maprinta inali kutsika caka ndi caka. Mu 1991 IBM inacotsa bizinesi ya mataipilaita m'manja mwake, ndipo inakhala mbali ya kampani yatsopano ya Lexmark. Mu 1995 Smith-Corona inalengeza ku khoti kuti yalephera kubweza ngongole zake. Makina otsala anapitiriza kugwira nchito m'malo owerengeka, monga polemba mafomu okhala ndi makope a kaboni. M'ndende zina za ku America akaidi analoledwa kukhala ndi mataipilaita a pulasitiki yoonekera mkati, kuti alonda aone ngati mwabisidwa kanthu.

Makina amene amapereka umboni

Wina angafunse kuti kusunga makina otere kuli ndi phindu lanji. Ena amawasunga cifukwa ca kukongola kwao. Ena amati polemba pa taipilaita maganizo sabalalika, popeza palibe mauthenga a pa intaneti osokoneza. Koma pali cifukwa cina colemera kuposa izi. Makalata a maboma, a makhoti, a mabanki ndi a machalichi a zaka zambiri za m'ma 1900 analembedwa pa makina amenewa. Pakabuka mkangano wakuti cikalata ndi ceniceni kapena cabodza, amene angathandize ndi munthu wodziwa makinawo ndi zilembo zimene mtundu uliwonse unali kutulutsa m'caka cakuticakuti.

Izi zinaoneka poyera ku America mu 2004. Pa 8 September caka cimeneco, wailesi ya kanema ya CBS inaulutsa nkhani yonena za nthawi imene pulezidenti George W. Bush anali m'gulu la asilikali la National Guard. Nkhaniyo inadalira zikalata zimene zinanenedwa kuti zinataipidwa mu 1972 ndi 1973 ndi mkulu wa asilikali, Jerry Killian, amene anamwalira mu 1984. Pasanathe masiku, anthu anaona kuti mau omwewo akalembedwa pa kompyuta ndi pulogramu ya Microsoft Word, tsamba linali kutuluka lofanana kwambiri ndi zikalatazo. Mkangano unakula pa funso lakuti kodi makina monga IBM Executive akanatha kulemba zilembo zotere. Pa 20 September CBS inapepesa ndi kuvomereza kuti siinathe kutsimikizira zikalatazo. Katswiri wa mataipilaita Peter Tytell anauza gulu lofufuza nkhaniyo kuti zinalembedwa pa kompyuta. Lipoti la gululo litatuluka mu January 2005, wokonza pulogramuyo anacotsedwa nchito ndipo akuluakulu ena atatu anapemphedwa kutula pansi maudindo. Phunziro kwa atolankhani ndi kwa oweruza milandu linali lomveka: cikalata cakale ciyenera kugwirizana ndi makina a m'nthawi yake.

Taipilaita iliyonse ikamakalamba imakhalanso ndi zizindikiro zakezake, monga cilembo cobenthuka kapena copendekeka, ndipo apolisi akhala akugwiritsa nchito zimenezi kupeza makina amene analemba kalata. Ndi cifukwa cake boma la Nicolae Ceaușescu ku Romania linalamula mu 1983 kuti aliyense wokhala ndi taipilaita ailembetse ku polisi ndi kupereka citsanzo ca zilembo zake. Pa makina a kampira kapena a kagudumu nchitoyi ndi yovutirapo, popeza munthu angasinthe kampira ndi kutaya kakale.

Nkhani ina imene osonkhanitsa amakonda kuisimba ndi ya akazitape. Mu 1984 bungwe la zacitetezo la America la NSA linapeza tizipangizo tobera nkhani m'makina 16 a Selectric a ku ofesi ya kazembe wa America ku Moscow ndi ku ofesi ina ya ukazembe ku Leningrad. Tizipangizoto tinabisidwa mkati mwa mpiringidzo wacitsulo wa makinawo. Tinali kumva kuyenda kwa zitsulo zozunguza kampira ndi kutumiza zilembozo pa mafunde a wailesi kwa akazitape a Soviet Union. Zimenezi zinali zitacitika kwa zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu osadziwika. Kufufuzako kunachedwa Project Gunman.

Cifukwa cake a magetsi ndiwo akutha msanga

Taipilaita ya manja ya zaka 100 ingathe kugwiranso nchito ikangotsukidwa ndi kuikidwa riboni yatsopano. Riboni yake ndi nsalu wamba yonyowetsedwa ndi inki, ndipo mtundu umodzi umakwana pa makina ambiri. Kacitsulo kakathyoka, mmisiri waluso angasule kena.

Makina a magetsi sali conco. Mu Selectric, mafuta akale amauma ndi kukhala ngati phula, ndipo tizigawo timakakamirana. Lamba wa mota amafumbutuka. Pali kagudumu ka pulasitiki pakati pa makinawo kamene kamang'ambika ndi ukalamba, ndipo kuti kasinthidwe pamafunika kumasula mbali yaikulu ya makina. Amisiri amene anaphunzitsidwa nchitoyi ndi makampani opanga makinawo ndi okalamba tsopano, ndipo ambiri anamwalira.

A electronic ndiwo ali pa ngozi yaikulu koposa. Chip ikafa, ina siipezeka pokhapokha itacotsedwa m'makina ena a mtundu womwewo. Batire ya mkati yosungira mau imadontha ndi kudya mawaya. Pulasitiki imauma ndi kusweka. Riboni yao ili m'kabokosi kopangidwira mtundu umodzi wokha, ndipo kampani ikaleka kupanga kabokosiko, makina abwinobwino amakhala cabe. Cifukwa ca zimenezi osonkhanitsa amasunga makina akufa kuti azicotsamo tizigawo, amajambula mabuku a amisiri ndi kugawana, ndipo ena amapanga tizigawo tatsopano ta pulasitiki ndi maprinta a 3D. Amalembanso manambala a makina, amene amathandiza kudziwa caka cimene makina anapangidwa.

Mitengo nayo imacititsa kuti makinawa atayidwe. A magetsi ndi olemera, kuwatumiza kutali kumadya ndalama zambiri, ndipo anapangidwa mamiliyoni, motero ambiri sagulidwa pa mtengo wapamwamba. Cimene cimakweza mtengo ndi kusowa kwa mtunduwo kapena dzina la mwini wake. Mu December 2009, taipilaita ya manja ya Olivetti Lettera 32 ya wolemba mabuku Cormac McCarthy, imene iye anagula ndi madola 50, inagulitsidwa ndi madola 254,500 ku kampani yogulitsa zinthu mopikisana ya Christie's ku New York. Makina ena a mtundu womwewo sayandikira n'komwe mtengo umenewo. Wosewera m'mafilimu Tom Hanks, amene ndi wodziwika pa kusonkhanitsa mataipilaita, ndiponso filimu ya California Typewriter ya mu 2016, anathandiza kudzutsa cidwi ca acinyamata, koma cidwi cambiri cinapita ku makina a manja. Mzinda wa Ivrea, kwao kwa Olivetti, unaikidwa ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa malo a colowa ca dziko lonse mu 2018.

Kwa amene ali ndi makina otere

Maofesi a boma, masukulu, mamishoni ndi makampani muno mu Zambia anagwiritsa nchito mataipilaita kwa zaka zambiri, ndipo ena akali m'zipinda zosungiramo katundu kapena m'nyumba za alembi opuma pa nchito. Amene wapeza makina otere angacite bwino kusamala zinthu zingapo.

Coyamba, asathamangire kuwalumikiza ku magetsi. Ayang'ane kacitsulo kolembedwa kumbuyo kapena pansi pake. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, pamene makina opangidwira msika wa America amafuna mavoti 110 kufikira 120. Makina otere akalumikizidwa popanda thiransifoma yotsitsa mphamvu, mota kapena chip imapsa nthawi yomweyo. Waya wakale wong'ambika asinthidwe ndi wodziwa za magetsi. Makina a electronic azicotsedwa ku khoma magetsi akazima, popeza mphamvu imene imabwera magetsi akamayaka ingathe kuononga chip.

Caciwiri, mota ikang'ung'udza koma makina osayenda, azimitsidwe msanga. Kawirikawiri ndi mafuta ouma amene agwira zitsulo, ndipo kukakamiza kumathyola tizigawo tosapezekanso. Mafuta akale amacotsedwa pang'onopang'ono, ndipo atsopano amaikidwa ocepa, m'malo oyenera okha. Kuthira mafuta ophikira kapena a galimoto kumakoka fumbi ndi kuonjezera vuto. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nchito iyi mau amenewa ndi oona.

Cacitatu, zing'onozing'ono zisatayidwe. Timipira ta zilembo, timagudumu, timabokosi ta riboni ngakhale totha, cikwama ca makina ndi buku la malangizo, nthawi zina zimasowa kuposa makina enieniwo. Mabatire acotsedwe makina asanasungidwe, ndipo asungidwe pamalo ouma, ophimbidwa ku fumbi, kutali ndi dzuwa ndi makoswe.

Cacinai ndi ca cinsinsi. Riboni ya kaboni imagwira nchito kamodzi kokha, ndipo cilembo ciliconse cimene cinamenyedwa cimatsala cooneka pa riboniyo, motsatana monga mmene cinalembedwera. Munthu akaitambasula angathe kuwerenga makalata onse amene anataipidwa. Makina ocokera ku ofesi ya loya, ku cipatala kapena ku banki asaperekedwe kwa wina riboni yakale ili momwemo. Makina a electronic okhala ndi malo osungira mau afufutidwenso.

Potsiriza, ngati makina ndi a bungwe kapena a boma, malamulo a kagulitsidwe ka katundu wa bungwelo atsatidwe. Asanapite kwa ogula zitsulo zakutha, amene amalipira poyeza kulemera kokha, ndi bwino kulemba dzina la makinawo, nambala yake, ofesi imene anagwiramo nchito ndi zaka zake, ndi kusunga tsamba limodzi lotaipidwa zilembo zonse. Nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi masukulu ophunzitsa nchito za ulembi angafunsidwe ngati angawalandire. Tsamba limodzi lotero, lokhala ndi deti ndi nambala ya makina, lingadzathandize tsiku lina pamene banja kapena khoti lidzafuna kudziwa ngati kalata ya malo kapena wilo yolembedwa mu 1979 inacokeradi mu ofesi imene ikuchulidwa pamwamba pake.